"Take care" ya Tumbikani

Anzanga, Tumbikani ndinakumana naye ku Embangweni atabweretsa mayi ake kuchipatala komwe ndimagwira unesi. Ine mwana wa ku Dowa, Chitumbuka zero, ndiye iye ankamasulira. Potuluka anacheuka.

"Asisita, take care."

Ndinaseka, koma timawuto tinandikakamira ngati chisoso pachitenje.

Mnyamatayu take care yake inali ya paliponse. Kutsanzikana pafoni, take care. Ndikakwera njinga yamoto kupita ku Boma, "Take care, anyamatawa ndi amisala." Mpope wamadzi ukawonongeka kunyumba, "I'll take care of it, babe."

Ine kusungunuka!

Kenako Joni inamuitana, monga anyamata ambiri akuno. Padepoti anandigwira dzanja.

"Elube, take care of amama. BP yawo ukuidziwa."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Loweruka lililonse ulendo wa kumudzi kwawo ku Engutwini, makina a BP m'chikwama. Kuwatungira madzi, kukangana nawo za mchere, mpaka kuphunzira kugwada kwa akuno. Mumtima ndinkati ndikuzolowera kwathu.

Loweruka lapitali ndinapeza mtsikana akusesa pabwalo, chitenje chatsopano, maso pansi.

"Anesi, yewo chomene," anatero amama. "Uyu ndi Nelia, mkamwana wanga. Ng'ombe za lobola zinapita kwawo mwezi watha."

"Mkamwana... wa ndani?"

"Wa Tumbikani, mbwenu ndani winanso? Anamuona pafoni, anavomera. Kuno mwana akakhala ku Joni mkazi timamutengera ndife."

Mayo ine! BP ndinawayeza ndithu, koma yokwera inali yanga.

Panjira ndinamuimbira Tumbikani.

"Babe, relax," anatero. "Akuluakulu akanakana, kwanu ndi kwa chikamwini, ana sakanakhala akwathu. Koma amama usawasiye, ndapota."

"Akanakana? Ndiye kuti sunawauze n'komwe za ine?"



Mawa ndi Loweruka. Amama aimba kale kuti mutu ukuwawa, ndisachedwe. Ine ndikungozungulira m'nyumba, makina ndawaika m'chikwama, ndawatulutsa, ndawaikanso. Gogo uja sanandinamize chilichonse. Ndipo chimene chikundinyansa n'chakuti mwana wakeyo ndimamukondabe.

Anzanga, mwamuna akakutumani kwawo, funsani kaye kuti kumeneko akukudziwani ngati ndani. Ine ndagwada pakhomo paja chaka chathunthu, ndipo palibe anandifunsapo dzina. Ndinali "anesi" basi.