Chikwama Chimene Ndinatumizira Mwana Asanabadwe

Maganizo opita ku Joni anandibwerera ndili pa benchi la kusikelo. Esinati, mkazi wanga, anali ndi pakati pongoyamba kumene, ndipo achipatala anali atalamula kuti amuna tiziperekeza akazi athu. Namwino anaima kutsogolo n'kumatchula zoti mayi adzabwere nazo tsiku lochira: zitenje zochapa bwino, beseni, lezala latsopano, ulusi, pepala lapulasitiki loyala pabedi. Kenako anandiloza ine. "Bambo a malaya ofiirawo, mwamva? Osadzabwera chimanjamanja ngati mukudzaonera mpira." Amayi onse anaseka. Fodya wa chaka chimenecho anatigula ngati akugula zinyalala, ndipo m'nyumba mwathu ngakhale beseni lomwelo munalibe. Ine mtima wanga ndi wapachala, sukulu ndinaisiyira sitandade sikisi chifukwa cha mtima womwewu. Ndinatuluka osatsanzika. Mwezi usanathe ndinagulitsa njinga ndi mbuzi, n'kukwera basi.

Ndinamusiya Esinati kwawo, kuseri kwa Kabudula, kumene ndinkakhala chikamwini. Ndinati amayi ake alipo, mchimwene wake Laisoni alipo, palibe chovuta. Lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kulavula.

Za ku Joni anthu amakamba zabodza zambiri. Ine ndinkatsuka magalimoto, manja anachita kusupuka ndi sopo. Tinkagona anthu ambiri m'kachisakasa ka malata, wina akatembenuka nonse mutembenuke. Ukaona galimoto ya apolisi, ubisale. Lamulungu ndiye linkandipweteka. Anzanga akapita kukamwa, ine ndinkakhala pa chidebe n'kumayang'ana chithunzi cha Esinati pa foni mpaka batire kutha. Iye analibe foni, ndiye tinkalankhulana pa ya alamu anga a Laisoni, iwo ataima pomwepo kumvetsera.

Tsiku lina mayi Nabanda, a ku Nambuma, amene ankagwira ntchito yolera ana kumeneko, anandipeza m'sitolo nditanyamula tinsapato ta mwana.

"Achimwene, khanda lipita kuti ndi nsapato? Lili ndi ulendo?" Anandilanda tinsapatoto n'kutibweza pa shelefu. "Inu amuna mumangoganiza za mwana. Nanga wobereka mwanayo? Magazi amatuluka masiku ambiri. Mugulireni mapadi aakulu aja, azisintha pafupipafupi, osati nsanza."

Tinazungulira sitolo yonse, iwo patsogolo ine pambuyo. Sopo wosanunkhira, thonje, mafuta odzola mwana, matewera ansalu ochapa komanso otaya pang'ono a paulendo, bulangete lofewa, tizipewa ndi timasokosi chifukwa mwana adzabadwa m'nyengo yozizira. Mabeseni anati awiri, lina la mwana lina la mayi, osasakaniza. Ankalankhula mosapumira: mayi azisamba pa bala ndi madzi ofunda oyera, zovala aziyanika padzuwa osati kuseri kwa chitseko, azidya phala lotendera, nyemba, mazira, azimwa thobwa kuti mkaka ubwere. "Ndipo mchombo asaikepo kanthu kupatula mankhwala a kuchipatala. Wougwira asambe m'manja, thewera alipindire m'munsi, uziuma wokha. Mwamva?" Ndinamva. Zina ndinachita manyazi kuzimva, koma ndinamva.

Ndinadzaza chikwama chachikulu cha mizeremizere chija, n'kuwonjezera zitenje, lezala ndi ulusi wa namwino uja. Miyezi imeneyo ndinkadya buledi ndi madzi a shuga. Ndinachitumiza ndi wa mabasi kukali nthawi, kuti tsiku likadzafika pasadzakhale kuthamangathamanga. Alamu anakachilandira pa Nsaru, n'kundiimbira. "Zonse zafika, alamu. Ndinu mwamuna inu. Osadandaula."

Mwana anabadwa wamwamuna, ndipo achipatala anamusoka Esinati atachira. Ndinavina ndekha pakati pa magalimoto a eni. Koma patapita masiku ndinamumva Esinati pa foni, mawu ake ngati akuchokera pansi pa chitsime. Ndinafunsa ngati bulangete likumufunda bwino mwana. Anangoti, "Lili bwino." Kumbuyo kwake mwana ankalira kulira kwina kwake, kotopa. Ndinafunsa za mapadi. Foni inadulidwa. Mawa lake ndinauza bwana kuti ndikupita, iye anati ndikapita ndisadzabwerenso. Ndinamuponyera nsanza yake yopukutira pa galasi.

Kabaza ananditsitsa pa okala ya alamu, polowera m'mudzi. Choyamba kuona linali beseni la mwana wanga, lobiriwira lija, lodzaza tomato. Pa chingwe panali matewera otaya aja, akugulitsidwa limodzilimodzi pambali pa tisopo toduladula. Sopo wanga. Alamu atandiona anamwetulira mano onse.

"Aa, a ku Joni! Osanena bwanji kuti mukubwera?"

"Ichi n'chiyani?"

"Khalani pansi kaye, alamu. Nkhani zake n'za amayi."

Sindinakhale pansi. Ndikuyenda m'mudzimo ndinkangoona katundu wanga akundidutsa. Chitenje china chili m'chiuno mwa mkazi wa alamu, china chabereka mwana wa eni. Bulangete lija apongozi aamuna anali atafunda pakhonde, akuwothera dzuwa, tizimbalangondo tojambulidwa tija tili pa mapewa a munthu wa imvi.

Apongozi aakazi anandilankhula ali kuseri kwa nkhokwe, atayang'ana kumbali, monga mwa ulemu wa mkamwini. Ulemu! Anati ndinalakwitsa ndine. Mwana amene sanabadwe sagulidwira zinthu. Chikwama chinabwera masana, mudzi wonse ukuona, pamene mimba isanache n'komwe. "Mumafuna anthu oipa amutchere mwana wanga? Tinachimwaza kuti maso a anthu achoke pa iye. Ndipo mwaona, wachira bwinobwino." Ndinafunsa kuti nanga mwana atabadwa, bwanji sanazitolere. Anati chinthu ukapatsa munthu sulanda.

Mwambo umenewo ndinkaudziwa, sindinama. Amayi anga omwe ankanena. Koma palibe mwambo umene umati ugulitse thewera la mdzukulu wako pa okala.

Ndinalunjika ku nyumba yathu. Apongozi anathamanga, ulemu uja anauiwala, n'kuima pakhomo atatambasula manja. "Simulowa! Ali m'chikuta, mchombo sunagwe. Inu mwachokera kutali, sitikudziwa kumene mumagona. Ndinu wotentha, mumudula mwana." Ine amene ndinkagona ndi chithunzi pa foni, lero ndine wotentha. Anthu anayamba kusonkhana. Ndinamva Esinati akunditchula dzina m'katimo, motsitsa. Ndinawadutsa apongozi pansi pa mkono.

Fungo la m'nyumbamo silidzandichoka. Zenera anatseka ndi chiguduli, utsi uli tolo. Esinati anagona pa mphasa, thupi lili moto, milomo yowuma. Pakona panali nsanza za chitenje chakale zimene ankagwiritsa ntchito, zonyowa, chifukwa amati za m'chikuta siziyanikidwa panja anthu akuona. Mapadi anali atapita kuti, mpaka lero palibe amene anandiyankha. Ndinavundukula mwana. Pa mchombo anamata mwaye wosakaniza ndi mafuta ophikira, ati kuti ugwe msanga. Khungu lozungulira linali lofiira, lotupa, likutuluka mafinya.

"Wasiya kuyamwa dzulo," anatero Esinati. "Ndinawauza amayi. Akuti ndi kamphepo chabe."

"Bwanji sunandiuze pa foni?"

"Ndikanalankhulira pati, achimwene ali pamutu panga?"

Ndinavula jekete n'kumukulunga mwana. Panja apongozi ankalira ngati pagwa maliro, akuti khanda silituluka mchombo usanagwe. Alamu anabwera kudzandigwira phewa. Ndinawauza kuti achotse dzanja lawo ndisanaike mwanayu pansi. Analichotsa. Ndinaitana njinga zamoto ziwiri, ndipo tinapita.

Kuchipatala namwino atangoona mchombowo anandiyang'ana ngati ndine galu. "Bambo, munali kuti? Mwana amafika pamenepa inu mukuona?" Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinatukwanidwa osayankha. Anawagoneka onse awiri, mwana jakisoni, mayi jakisoni, chifukwa bala la Esinati nalo linali litayamba kuvunda. Anati tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Ndinapita pa sitolo zapafupi kukagulanso beseni, sopo ndi mapadi, zomwe ndinali nditagula kale ndi njala yanga. Apongozi anabwera kudzadikirira odwala, koma matewera ndinkachapa ndekha pa mpopi, amayi odikirira anzawo akugwirana m'manja kuseka. "Awa ndiye anadyetsedwa awa!" Ndinkangotikita. Ndinaphunzira kumuika mwana pachifuwa cha mayi wake khungu kukhudza khungu, chipewa kumutu, kuti asazizidwe. M'mawa wina anagwira bere n'kuyamba kukoka mwaukali, mpaka Esinati anati "Mayo!" Ndinatuluka panja kuti anthu asaone nkhope yanga.

Titabwerera kumudzi ndinkaganiza kuti wina abwera kudzapepesa. Anabweradi munthu, malume ake a Esinati, omwe ndi ankhoswe athu. Anakhala pa mpando wanga, anavula chipewa, anatsokomola. Anati akuluakulu akhala pansi, ndipo apeza kuti ndinalowa m'chikuta ndili wa paulendo, ndinakankha apongozi, ndinatulutsa khanda nthawi isanakwane. Mwina n'chifukwa chake mwana anadwala chotero. Ndilipe nkhuku.

Ndinaimirira mwaukali. Esinati anandigwira buluku kumbuyo, mwana ali kubere. "Apatseni," anatero. "Ine ndatopa."

Ndinawapatsa tambala wathu yekhayo. Anamupha tsiku lomwelo kwa apongozi, fungo likufika mpaka kwathu. Esinati, munthu woyamwitsa, wochoka kumene m'chipatala, anamubweretsera khosi ndi phazi limodzi m'kambale.

Madzulo ake ankhoswe anadutsanso, akutokosa m'mano ndi kaudzu. Za mchombo wa mwana sanafunse. Anaima pakhomo n'kunena mokoma kwambiri, "Nkhani ija yatha, mkamwini, tisasungirane. Nanga ku Joni mubwerera liti? Musachedwe, ntchito angapatse wina. Apongozi anu akuti ulendo uno mudzawaganizireko malata."

Apa m'pamene ndinadziwa chimene ndili m'mudzi uno. Ndikakhala kutali ndine mwamuna, ndikabwera ndine wotentha. Ndinawauza kuti sindibwereranso. Ndipempha chitengwa, mkazi wanga ndi mwana ndipite nawo kwathu ku Mpingu, ndizikalima ganyu konko. Anati zimenezo n'zofunika kukhalirana pansi, komanso pamakhala kenakake kopereka.

Esinati sanadikire kuti ndiyankhe. Anakankhira kambale kaja kumapazi awo.

"Yambani ndi khosili, malume," anatero. "Ife tinyamuka Loweruka."