Wamiyala ndi Ngolo ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene amayi anatisiya, ndipo ndi chaka chomwecho chimene ndinayamba kukonda mafilimu a anthu ouluka. Kwathu ku Kalindawalo, pakamsika pomwe alimi ankagulitsira thonje, panali kanyumba ka udzu ka aMwanza, momwe ankaonetsa kanema ndi magetsi a dzuwa. Ife ana tinkawatungira madzi, iwo n'kutilola kukhala pansi kutsogolo kwenikweni. Mkatimo munkamveka fungo la thukuta ndi mtedza wokazinga. Dzuwa linkalowa m'mipata ya udzu ngati timaulusi, fumbi likuyandama momwemo, ndipo ukatuluka dziko lakunja linkaoneka lachilendo, ngati ukadali m'tulo.

Panali filimu ina ya madisiki awiri, koma aMwanza anali ndi yoyamba yokha. Tinaionera mpaka kuiloweza. Chingelezi chake sitinkachimva, nkhani tinkangoitola ndi maso. Amuna awiri ankagwira ntchito mumgodi. Tsiku lina mgodiwo unagumuka n'kumeza nyumba zapafupi, koma mwini mgodi anakana kutsegula chipata kuti anthu akapulumutse abale awo. Wamkulu mwa amuna awiriwo anataya mkazi, wamng'onoyo anataya mayi ake. Onse anatuluka pansipo ali ndi mphamvu zodabwitsa. Wamng'onoyo ankauluka, choncho tinamutcha Wouluka. Wamkuluyo akangokweza dzanja miyala inkanyamuka, ndiye tinamutcha Wamiyala. Disiki ija inkathera pomwe Wamiyala wagwada pamanda a mkazi wake, miyala ikumuzungulira pang'onopang'ono m'mwamba ngati mbalame.

Ine ndinkamukonda munthu ameneyo, chifukwa ankakhala chete ngati atate.

Amayi anadwala mwadzidzidzi nthawi ya dzinja. Atate anathamangira kwa aSakala, aneba athu, amene anali ndi kagalimoto kokhako m'mudzimo, kuti awatengere kuchipatala ku Minga. ASakala anati msewu waipa, galimoto ititimira m'matope, adikire mvula ikate. Atate anabwerera n'kumanga ng'ombe pangolo, koma amayi anatsirizikira panjira. Kuyambira pamenepo atate anasiya kuimba m'kwaya, anasiya kupatsana moni ndi aSakala. Akaweruka kumunda ankakhala pangolo ija, maso ali ku bwalo la anebawo, osaphethira. Ine ndinkalota atate atakweza dzanja, miyala yonse ya m'munda mwathu ikudzuka n'kulowera kwa aSakala. Ndikadzuka mtima unkakhala myaa.

Disiki yachiwiri inafika nthawi yothyola thonje, aMwanza ataipeza ku boma ku Petauke. Kanyumba kanadzaza mpaka ena kusuzumira m'mipata. Wamiyala atagwetsa nyumba ya mwini mgodi, tonse tinaomba m'manja. Koma sanalekere pomwepo. Anagwetsa mlatho, anagwetsa msika, kenako miyala inayamba kugwera padenga la sukulu ana ali mkati. Wouluka, amene tinkamuseka kuti ndi wamantha, ndiye ankawakha anthu m'malere n'kuwatsitsa pansi bwinobwino, ndi mwana wa mwini mgodi yemwe. Kanema ataonetsa nkhope ya Wamiyala pafupi, ndinaona kuti nayonso yasanduka mwala, pakamwa pokha pakuyenda. Sindinadikire mathero ake. Ndinakwawa pakati pa miyendo ya anthu n'kutuluka.

Madzulo ake tikuswa mtedza pakhonde, ndinawafotokozera atate filimu yonse. Anamvetsera, zala zikuswabe.

"Uja munthu sanalakwe," anatero motsitsa mawu. "Anamuyamba ni iwo."

Ndinawayang'ana nkhope kwa nthawi yaitali, ndikufufuza ngati pena payamba kuuma.

Patangopita masiku ochepa, masana dzuwa likuswa mtengo, tinamva kulira kuchokera kumunda kwa aSakala. Mwana wawo wamng'ono, Dalitso, anali atalumidwa ndi njoka pamwendo. Kagalimoto kaja kanali katafa kalekale, katakhala pamiyala, nkhuku zikuikira mazira mkatimo. Ngolo ina yapafupi panalibe. ASakala anafika pabwalo pathu atanyamula mwanayo, opanda nsapato, thonje litawamatirira kumalaya.

"Bambo Daka," anatero, "nipempha ngolo."

Atate anali ataima pakhola. Ndikukumbukira kuti chilichonse chinaima: mphepo, nkhuku, ngakhale kulira kwa mwana kunamveka ngati kukuchokera kutsidya kwa phiri. Ndinaona dzanja la atate likufinya mtengo wa khola mpaka mitsempha kutuluka. Mumtima ndinkangoti, musakweze dzanja, atate, musakweze.

"Taonga," anandiitana, osandiyang'ana, "bweletsa goli."

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ngati loto. Minda ya thonje inali mbuu mbali zonse, ngati mitambo yatsikira pansi, ndipo ng'ombe zathu, zimene masiku onse zinkayenda mwaulesi, tsiku limenelo zinathamanga. Ine ndinagwira mpanda wa ngolo, mphepo yotentha ikundiomba kumaso, ndikumva ngati tasiyana ndi nthaka. Pena aSakala anayesa kuyankhula.

"Bambo Daka, za tsiku lija..."

"Gwilani mwana bwino," atate anawadula. "Msewu uli na mabampu."

Sanayankhulanenso mpaka ku Minga. Anamwino anamulandira Dalitso, aSakala n'kutsala naye, ife tinabwerera awiri dzuwa litapendeka. Ng'ombe zinali zitatopa, atate anazisiya kuti ziziyenda momwe zikufunira. Titafika pamtengo wina wa mlambe pafupi ndi kamtsinje kouma, anaziimitsa. Sanandiuze kuti ndi pamenepo pomwe amayi anapumira komaliza, koma ndinadziwa. Anatsika, anatsamira gudumu la ngolo, ndipo analira mokweza, kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Ndinatsala pangolopo, ndikuonera mithunzi ikutalika.

Atakweranso anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Pamene Sakala anafika pabwalo paja," anatero, "mau anali apa." Anagwira pakhosi. "Ninafuna kumuuza kuti adikile mvula ikate."

"Nanga simunakambe chifukwa chiyani, atate?"

Anamenya ng'ombe pang'ono ndi kamtengo, ngolo n'kuyamba kuyenda.

"Nikanakamba, amai ako kuti abwele lelo, sakananidziwa."

Dalitso anachira, ngakhale mwendowo unatsala wowonda pang'ono. Atate ndi aSakala sanakhalenso mabwenzi. Ankangopatsana moni akakumana panjira, moni wouma wa mawu awiri, mpaka ukalamba wawo. Kukwaya atate anabwerera patapita nthawi, koma ankaima kumbuyo.

Lero ndine mphunzitsi ku Nyimba, ndipo ana anga amaonera mafilimu otere pafoni. Filimu ikangoyamba amandifunsa, "Amai, woipa ni uti?" Ndimawauza kuti adikire, sanadziwike, ngakhale iye mwini sanadziwe. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ngwazi ndi munthu amene mtima wake ulibe mawu oipa. Tsopano ndimadziwa kuti ngwazi ndi chigawenga amachokera pamanda amodzi, onse atalakwiridwadi, onse ali ndi mawu omwewo pakhosi. Amasiyana pa kamphindi kamodzi kokha, pamene wokulakwira uja waima pabwalo pako opanda nsapato, mwana ali m'manja. Atate mawu awo anawameza akuwawa, n'kuitanitsa goli.