Mchere Mumtsinje wa Lilongwe

Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina, pafupi ndi mlatho. Inali nthawi ya Chitaganya, Lilongwe akadali kaboma kafumbi konunkha fodya. Asanakwatire amayi, bambo anakhalako ku Kepitauni, mzinda wotsamira phiri m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kunena zoona, thupi lokha ndilo linabwerako. Mtima unatsala komweko.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ankandigwira dzanja n'kuyamba kusandutsa tauni yathu. Mtsinje wa Lilongwe unkakhala nyanja, mlatho n'kukhala doko. Masitolo a Amwenye ndi mzikiti wawo ankati ndi dera la Asilamu akumeneko, kumene nyumba n'zamawangamawanga ndipo misewu njotsetsereka moti wapanjinga amatsika akupemphera. Tikawoloka n'kuyamba kachitunda kopita ku Boma, kumene lero mumati Area 3, iwo ankapuma wefuwefu mwadala ngati tikukwera phiri.

"Kuno n'kwa Azungu," ankatero. "Mzungu amagona kumtunda kuti aziona sitima zikamabwera."

Ine ndinkacheuka kufuna sitimazo, n'kungoona azimayi akuchapa pamiyala. Koma ndikatsinzina pang'ono, nsalu zoyanika patchire zija zinkayamba kuyandama. Kwathu ku Mchesi ankati n'kumchenga, kwa anthu akuda, kumene mphepo imasasula madenga. Tchire la kumpoto, kumene tsopano kuli Capital Hill, analibe nalo ntchito. Uko anawasiyira afisi. Mzinda wa bambowo ndinkaukonda kuposa wathu weniweniwu, ndipo njira zake ndinkazidziwa ngati ndinabadwirako.

Chaka china mvula ili pakati, ndinapeza amayi akukazinga mtedza ndi chimanga chambiri. Kamba wochuluka chotero sakazingira munthu wopita ku Dedza. Nditafunsa, anandiyankha osandiyang'ana.

"Kawafunse bambo ako. Akuti nyanja yawaitana."

Ndinapsa mtima, osati ndi bambo, koma ndi nyanjayo. Inali ndani kuti indilande bambo anga? Sabata yomweyo mtsinje unasefukira, madzi ofiira n'kumiza madimba onse mpaka tsidya lina kumaonekera patali. Ndinatapa mchere m'chikho cha amayi, n'kumanga pansonga ya nsalu yanga, liwiro la kusitolo. Ndinawakoka bambo kuwachotsa pamakina mpaka tinafika pamlatho.

"Taonani, ababa, nyanja yabwera yokha. Nanga mukupitiranjinso?"

Anayang'ana madziwo kwa nthawi yaitali. "Iyi si nyanja, mwanawe. Nyanja ndi yamchere."

Ndinkadziwa kuti atero. Ndinamasula mfundo ija n'kukhuthulira mchere wonse mumtsinje. "Lawani tsopano."

Anthu amene anabwera kudzaona madzi anafa nalo phwete. Bambo sanaseke. Anatsikira m'mphepete nsapato zili kuphazi, n'kutunga madzi amatopewo m'manja, n'kulawa.

"Wakolera," anatero. "Wakolera ndithu."

Anandinyamula, ngakhale ndinali nditapitirira kale msinkhu wonyamulidwa, ndipo tinabwerera ku Mchesi tsaya langa lili pa tsaya lawo. Njira yonse ndinali ndi chimwemwe chodzaza tsaya poganiza kuti ndapambana.

Ananyamuka pa lole yopita ku Halale, njira ya ku Kepitauni, mvula isanathe. Sanabwerenso, anasanduka mtchona ngati amuna ena ambiri a nthawi imeneyo. Amayi sanandifunsepo za mchere wawo.

Lero ndimakhala kwa mwana wanga ku Area 43, kumene kunali afisi kuja, ndipo galimoto ikamawoloka mlatho wakale ndimanenabe kuti tafika padoko. Adzukulu amaseka. Wamkulu mwa iwo akufuna kunditengera ku Kepitauni pandege, akuti ndikaione nyanjayo ndi maso anga. Ndakana. Ndikaonenso chiyani? Ndinailawa kale tsiku lija pochokera pamlatho, pa tsaya la bambo anga lonyowa ndi misozi.