Tsiku Limene Agogo Anapala Boila

Chipinda chimene tinkagonamo ku Zalewa sichinali chathu. Chinali kuseri kwa resitihausi ya bambo wina wa sitolo, Msilamu, ndipo anatipatsa chifukwa agogo ankasonkhezera boila. Ine ndinabwera m'chipindamo mayi atamwalira. Bambo anga anali atatsogola kale. Agogowo anali mayi awo a mayi anga, munthu wosakonda zocheza, ndipo inenso ndinatengera pomwepo. Tinkatha kukhala tsiku lonse osayankhulana, koma osadana.

Boilayo inali mgolo wachitsulo wogoneka pa njerwa, pansi pake pali ng'anjo. Paipi ina inkatsitsa madzi kuchokera m'thanki, ina n'kupita nawo kubafa kumene ankasamba madalaivala a malole opita ku Mwanza ndi ku Tete. Abwana, eni resitihausiyo, nawonso ankatunga pomwepo madzi ofunda osambira asanapemphere. Ntchito ya agogo inali nkhuni, moto ndi phulusa. Basi.

Madzi a pamalopo anali amchere. Sopo sankachita thovu, nyemba zinkachedwa kupsa, ndipo chilichonse chowiritsira madzi chinkamera zoyera mkati, zolimba ngati laimu wouma. Agogo ankazitcha nkhoko. M'ketulo yathu ankazipala zisanakhwime, chifukwa kwa iwo chiwiya chosakwecha chinali manyazi a mkazi. Koma boila inali isanatsegulidwepo chiikireni.

Matipate atangoyamba, anthu ambiri anathamangira kuwotcha makala. Matumba anandanda m'mbali mwa msewu, mitengo n'kumathera kutali. Nkhuni zinakwera mtengo, ndipo nthawi yomweyo boila inayamba kudya nkhuni kuposa kale. Ikatentha inkagunda mkati ngati muli miyala, koma madzi ankatuluka ofunda chabe.

"Agogo!" anafuula dalaivala wina wonenepa ali kubafa. "Madziwa mwawatenthetsa ndi mpweya wa m'kamwa kodi?"

"Sambani msanga, bambo, asanazizire."

"Azizira kangati? Inetu ndasiya mkazi kunyumba, musandiphe ndi chibayo kuno."

Anzake anaseka. Agogo anangowonjezera chikuni.

Abwana sanaseke. Anabwera kuseriko m'mawa wina ine ndikuvala yunifomu, naima pafupi ndi mulu wa nkhuni.

"Mayi, mtolo umene unkafika pakati pa sabata ukutha tsiku lomwelo. Nkhuni zikupita kuti?"

"Zikupita pamoto, bwana."

"Moto wa ndani? Sindikuti mukugulitsa, koma anthu amayankhula. Mwana wanga wa ku Blantyre akuti ndigule giza yamagetsi yotenthetsera madzi, ndisiye kudyetsa ng'anjo. Ine ndikumukaniza chifukwa cha inu ndi mwanayu. Koma zikapitirira chonchi ndilephera kumuyankha."

Ndinamva bwino tanthauzo lake. Giza sifuna munthu wosonkhezera, ndipo chipinda chinali cha munthu wosonkhezera.

Agogo sanadye bwino masiku amenewo. Ndinkawaona ataima pa boila, akuigogoda ndi chala, kenako n'kuyang'ana ketulo yathu. Lachisanu abwana atapita kumzikiti, alendonso kulibe, agogo anatseka madzi, nabwereka sipanala kwa bambo wokonza njinga. Mabauti a chivundikiro anali atagwira dzimbiri, moti anawathira palafini n'kumawamenya mpaka analola.

Mkatimo munali nkhoko yochindikala ngati chikhatho. Agogo anapukusa mutu.

"Taona, iwe. Moto ungadutse bwanji apa? Ndiye azinditcha wakuba."

Anatenga chidutswa cha khasu lothyoka ndi mwala, nalowetsa dzanja mpaka paphewa. Nkhoko inkagamuka zibenthuzibenthu, zina zoyera, zina zofiira kunsi kwake. Zala zawo zinachekeka, magazi n'kumasakanizika ndi fumbi loyeralo, koma sanaleke. Anandiuza kuti ndizitolera m'beseni, ndisataye ngakhale kamodzi, kuti abwana adzaone okha. Atatha kugoba anatenga mchenga wonyowa ndi chiguduli, nakwecha mkati monse ngati mmene ankakwechera mapoto. Anapaka, natsuka, napakanso. Ndinasuzumira ndipo ndinaona chitsulo chikuwala malo ena.

Anatseka chivundikiro, natsegula madzi, nasonkha moto ndi nkhuni zochepa. Sipanapite nthawi, paipi ya kubafa inatentha moti sindinathe kuigwira. Boila sinagunde. Agogo anakhala pa njerwa, manja ali pamaondo, ndipo ndinaona mano awo, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

Kenako moto unayamba kulira tsii, tsii. Ndinagwada kuti ndione. Pansi pa mgolo panali timadontho tondondozana, tikugwera pamakala. Timadontho tija tinachuluka, kenako madzi anayamba kutsika ngati ulusi. Utsi woyera unadzaza kuseri konse, moto n'kuzima, phulusa n'kusanduka phala lotuwa likuyenderera kumapazi athu.

Abwana anabwera ndi mmisiri wokhoma zidebe wa pamsika. Mmisiriyo analowetsa mutu, natuluka akuseka.

"Agogo, mwaimeta mpala! Ndani anakutumani? Nkhoko ija ndiyo inkagwira madzi. Chitsulo chinatha kalekale ndi dzimbiri."

"Simungaike chigamba, mwanawe?"

"Chigambacho ndichigwiritsa pa chiyani? Taonani."

Anakankha ndi chala chachikulu pansi pa mgolo, chala n'kulowa. Anasiya kuseka.

"Pepani, agogo. Mukanaisiya ikanakokera mwina chaka china. Koma mgolo wina ungapezeke, bwana, wa mafuta uja. Ndingauike."

"Nanga nkhuni zake?" anatero abwana. "Ndipo madzi ndi omwewa. Udzameranso."

Agogo anakoka beseni lija, naliika patsogolo pa abwana. Abwana anatola chibenthu chimodzi, nachitembenuza, nayang'ana zala za agogo.

"Ndaona, mayi. Simunabe nkhuni zanga. Mundikhululukire. Pitani mukamange zilondazo."

Sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Sabata yotsatira mwana wawo anafika ndi giza pagalimoto, yoyera, ili m'katoni. Amagetsi anaikweza padenga la bafa. Madalaivala anasamba n'kumaimba. Agogo anagumula okha ng'anjo ija, chifukwa panalibe wina wouzidwa, nasanja njerwa zake bwinobwino pakhoma. Anayesa kupempha ntchito yochapa nsalu zofunda, koma inali kale ya mlongo wake wa abwana.

Mwezi utatha, abwana anatiuza mwaulemu kuti chipinda chikufunika, asungiramo matumba a feteleza. Anatipatsa shuga ndi chitenje, natilipirira matola opita ku Chifunga, kumene kunali malume anga ndi mkazi wawo amene sitinkamudziwa. Sukulu ndinaisiya pakati pa teremu, osatsanzika aliyense.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Malume anali kumunda. Mkazi wawo anatuluka ali ndi mwana kumbuyo, nayang'ana mtolo wathu, nayang'ananso ine.

"Mwabwera kudzacheza, amayi?"

"Tabwera," anatero agogo.

Mayiyo anatiyalira mphasa pakhonde, nalowa m'nyumba. Tinakhala pamenepo kudikira malume, mtolo osaumasula.