Ndinakana kusintha swichi ya kiyi

Inu owerenga, ine si munthu wopepesapepesa. Koma pano ndikuvomera: ndinalakwa, ndipo amene analipira kulakwa kwanga ndi mwana wanga wamkazi.

Ndili ndi pikapu yakale ya petulo. Ndayendetsa zaka zambiri pakati pa Nthalire ndi ku Boma, kunyamula chimanga, nyemba ndi anthu. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma galimoto yanga ndimaidziwa. Tero ndimo ndinkadzitamira.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Ndikapotokola kiyi, nthawi zina pankangoti zii, ngakhale timagetsi tofiira ta pa dashibodi osayaka. Ndikagwedeza kiyiyo, galimoto inkalira. Pa kiyi yomweyo ndinapachikapo mpukutu wa makiyi anga onse: a nyumba, a golosale, a mosungira chimanga, a maloko a khola. Ndinkafuna aliyense aone kuti mwini zinthu ndine.

Ku Boma kuli makaniko wina wochokera kummwera. Tsiku lina anandiona ndikulimbana ndi kiyi. Anandipatsa moni wa Chitumbuka mwaulemu, kenako anandiuza kuti swichi yadyeka m'kati chifukwa cha kulemera kwa mpukutuwo, ndipo idzandizimira panjira. Ndinamuyankha kuti galimotoyo ndinayamba kuyendetsa iye asanamere mano. Ndinati vuto ndi batire, ndinagula latsopano. Palibe chinasintha. M'malo mobwerera kwa iye, ndinayamba kuimika galimoto potsetsereka kuti ikakana kulira ndizingoikankha.

M'mawa wina m'nyengo ya mvula, mwana wanga Tawonga anayamba kumva zowawa za uchembere. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anatiuza kuti mwana wakhala mopingasa m'mimba, tithamangire ku Boma. Ndinati ndimutenga ndekha. Tinamukhazika kutsogolo, pakati pa ine ndi mayi ake, anyaKayira.

Msewu wathu mukuudziwa. Titatsikira m'chigwa china, ndinagunda dzenje. Makiyi anagwedera, injini inazima. Ndinapotokola kiyi, zii. Ndinagwedeza monga mwa masiku onse, zii. Kutsogolo kunali chitunda, kumbuyo chitunda.

Amuna anayi amene ankapalira chimanga pafupi anabwera kudzakankha. Tinakankha m'matope, koma sinalire. Sindinadziwe kuti swichi ikapanda kutumiza moto, kukankha n'kungotaya mphamvu. Tawonga sankakuwa. Ankangoluma nsonga ya chitenje, thukuta lili kamukamu.

AnyaKayira sanandikwezerepo mawu chikwatirane. Tsikulo anatero.

“Adada ŵa Tawonga, muimbireni makaniko uja. Kunyadako mukapitirize kunyumba.”

M'chigwamo foni sinkagwira. Ndinakwera chitunda wapansi, nkhalamba ine, mpaka inagwira. Nditamuimbira, makanikoyo sanandikumbutse za mano aja. Anangoti ndichotse mpukutu wonse, ndikankhire kiyi m'kati, ndipotokole pang'onopang'ono kufikira timagetsi tofiira titayaka, ndipo zikatero wina agwire kiyiyo osaisiya.

Ndinatsika chothamanga. Ndinachita zimene ananena. Kachitatu timagetsi tinayaka, galimoto inalira. Pamenepo n'kuti titataya maola awiri.

Njira yonse yotsalayo anyaKayira anatambasula mkono pamwamba pa maondo a mwana wawo, atagwira kiyi. Pa dzenje lililonse mtima wanga unkaima. Tikudutsa ku Lufita zala zawo zinali zitauma, koma sanasiye.

Kuchipatala cha ku Boma anamulandira Tawonga mwachangu n'kumulowetsa ku opaleshoni. Tawonga anapulumuka. Mwana wake, mnyamata, sanalire.

Palibe dokotala anandiuza kuti chinachititsa ndi maola awiri aja. Mkamwini wanga sanandiloze chala. Tawonga mpaka lero amandithokoza kuti ndinamufikitsa kuchipatala. Zimenezo ndiye zimandipweteka koposa, chifukwa ine ndikudziwa zimene ndinauzidwa ndi mmene ndinayankhira.

Titaika maliro, ndinapita ndi galimoto kwa makaniko uja. Anamasula zokutira kuseri kwa chiwongolero, anachotsa swichi, n'kundionetsa timikuwa ta m'kati titadyeka ndi kuda. Anaika ina. Ola silinakwane.

Ndiye mverani, inu a magalimoto akale. Mukapotokola kiyi timagetsi n'kukana kuyaka, pamene hutala ikulira bwino, musathamangire kunamizira batire. Ngati galimoto imalira pokhapokha mwagwedeza kiyi, kapena imazima mukagunda dzenje, kaonetseni swichi sabata yomweyo. Kiyi ya galimoto ikhale payokha, makiyi a nyumba akhale m'thumba. Ndipo wodziwa ntchito akakuuzani, musawerenge zaka zake.

Swichi yakaleyo sindinataye. Ili pawindo m'chipinda changa, ndipo ndimaiona m'mawa uliwonse ndisanatenge kiyi.