Mphindi Makumi Anayi za Mayi Guluu

Dzina lawo lenileni linatsalira pa khadi lolowera pageti. M'chipinda choyesera mankhwala aliyense ankangoti Mayi Guluu, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ntchito yawo inali kusakaniza guluu m'timabotolo. Akasakaniza, ankapendeketsa kabotolo mphindi iliyonse mpaka guluuyo atasiya kuyenda, n'kulemba nthawiyo m'kope. Mankhwalawo anawadya pang'onopang'ono. Zala zinasupuka, manja anayamba kunjenjemera.

Manambala awo ankapita kwa pulofesa, munthu amene sanatsukepo botolo chibadwire. Iye ankawalowetsa m'kompyuta, ndipo kompyutayo inkajambula zimene maso saona: timaulusi ta m'kati mwa guluu tikuchita nthambi, tikugwirana, mpaka kusanduka ukonde. Ukondewo ukalumikizana, ndiye kuti guluu walimba.

Tsiku lina kompyuta inati guluu watsopano alimba pa mphindi makumi awiri ndi zisanu. Botolo linati makumi anayi. Mayi Guluu anabwereza kasanu, botolo osasintha mawu.

"Fufutani zimenezo, mayi," anatero pulofesa.

"Bwana, ine ndalemba zimene ndaona."

"Mwaona? Tatambasulani manjawo, ophunzirawa aone nawo."

Anatambasula. Manja ananjenjemera, ophunzira anaseka, ena mobisa, ena mano onse pamtunda. Manyazi anawagwira mayiwo, anasowa poyang'ana. Mwezi usanathe anapatsidwa kalata yoti akapume kunyumba.

Patapita chaka, wophunzira wina anatulukira pamene panali vuto. Timaulusi tina timapindika n'kudzigwira tokha m'malo mogwira tinzake, choncho ukonde umachedwa kulumikizana. Kompyuta palibe anaiuza zimenezo. Umboni unali m'kope lija, koma manambala ake anali okhotakhota moti panalibe wotha kuwawerenga. Mayi Guluu anaimbiridwa foni.

Anabwera atavala diresi lawo labwino, losita bwinobwino. Ndi zomvetsa chisoni, koma m'njira monse ankakonzekera zodzayankha wina akanena kuti pepani. Mpando sanapatsidwe. Pulofesa anawakankhira kopelo, maso ali pa kompyuta.

"Apa munalemba chiyani?"

"Makumi anayi, bwana. Kasanu konse."

"Ndinkadziwa ine," anatero pulofesa, akutembenukira kwa ophunzira ake. "Kompyutayi ndinaikayikira kalekale. Wina awaperekeze mayiwa mpaka panja, angatigwetsere mabotolo."