Malupanga a siponji pa siteji ya Limbe

Chinali chaka cha 2023, ndili ndi zaka 67. Ntchito yanga ndi yokuta mipando. Ndinaiyamba nditangosiya sukulu ku pulayimale, ndipo palibe anandibwezerapo sofa.

Mkamwini wanga amagwira ntchito mu ofesi m'tauni. Tsiku lina anabwera pa shedi yanga ku Mpingwe ndi chithunzi pa foni. Anati Loweruka iwo ndi anzawo amasewera nkhondo pa bwalo lina ku Nyambadwe, atavala ngati asilikali akalekale. Ankafuna malupanga asanu ndi limodzi, oti munthu akamenyedwa nawo asavulale.

"Anthu a ndevu zawo?" ndinafunsa.

"A ndevu zawo, bambo. Wina ndi mkulu wa mpingo."

"Ndiye mukufuna zidole."

"Ayi, bambo. Aoneke enieni. Kaya mungathe?"

Funso limenelo sindilikonda. Ndinavomera.

M'kati ndinaika paipi ya pulasitiki, ija amadutsitsamo mawaya a magetsi. Ndinaidula mofupikirapo kuti kunsonga kukhale siponji yokhayokha, poti kubaya ndiye koopsa kuposa kutema. Pafupi ndi paipi ndinamata siponji yolimba ya pokhalira, kunja yofewa ya kotsamira. Guluu atauma ndinasema ndi mpeni, kukuta nsalu yopyapyala, kenako penti ya siliva. Zogwirira ndinakulunga ndi zikopa zotsala ku sofa. Lililonse ndinaliyesa pa ntchafu yanga, kenako pakhosi. Mkazi wanga atawaona ali padzuwa anabwerera m'mbuyo. Ine ndinakondwa.

Loweruka m'mawa ndinawaika m'thumba la ufa n'kutsikira ku Limbe kuti ndikakwere minibasi ya m'tauni. Pa siteji anyamata awiri oitanira anandithamangira. Wina anagwira thumba uku, wina uko, aliyense kukokera ku galimoto yake. Thumba linang'ambika. Malupanga onse anamwazika pa tala, akunyezimira.

Masiku amenewo aliyense ankakamba za achifwamba a zikwanje. Mayi wina wogulitsa nthochi anakuwa. Ndisanawerame n'komwe, anthu anali atandizungulira.

Ndili mnyamata ndinaonapo zimene gulu limachita ndi munthu amene lamutcha wakuba. Fungo lake silichoka m'mphuno. Tsiku limenelo ndinalimvanso, moto usanayatsidwe.

"Adala, mukupita kukatema ndani?" anatero woitanira wamtali, wa malaya ofiira.

"Ndi siponji," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Akuti chiyani?"

"Akuti siponji."

"Siponji imawala?"

Wamalaya ofiira anatola limodzi, kuling'amba ndi mano. Ndinati basi ndapulumuka, aona okha. Koma iye anasolola paipi ija n'kuikweza m'mwamba.

"Onani, wabisa chitsulo m'kati."

Paipiyo inali yoyera, ya pulasitiki. A kutsogolo akanatha kuona. A kumbuyo sankaona kanthu, ankangomva, ndipo mawu oti chitsulo anayenda mpaka kutsidya kwa msewu. Wina anandimenya khofi, chipewa chinagwa. Mwala unandipeza pakamwa. Ndinamva dzino likuyendayenda pa lilime. Kenako anthu anapatuka pang'ono, ndipo pakati pawo panadutsa tayala, likugubuduzidwa. Linagwa pafupi ndi mapazi anga. Wina anaitana wa kabaza kuti abweretse petulo.

Ndinaganiza zogwada. Ndinadziletsa. Ndikanagwada akanati ndavomera.

Ndinawerama pang'onopang'ono, kutola lupanga lina ku nsonga, n'kupereka chogwirira kwa wamalaya ofiira. Ndinamasula batani la pakhosi.

"Tema apa," ndinatero. "Ndi mphamvu zako zonse."

Anayang'ana anzake. Anali ataigwira kale siponjiyo ndipo ankadziwa, koma gulu linali litapita patali, iye sankafuna kukhala woyamba kubwerera.

"Tema, iwe. Ukuti ndi chitsulo."

"Atemeni, achimwene," anatero kondakitala wina. "Mwawayamba ndinu."

Ntchito yanga ndimaidziwa. Komabe ndinatsinzina. Ndinaganiza za guluu, ngati anauma bwino pa limenelo, ngati paipi sinasunthe. Ndinaganizanso kuti akalephera kutema, tayala lija lidakali pompo.

Anatema. Kunamveka ngati munthu akukuntha pilo. Anatemanso, kwambiri, chifukwa cha manyazi. Ndinatsegula maso. Mayi wa nthochi uja ndiye anayamba kuseka, ena n'kutsatira. Woitanira wina anatola lake n'kumenya wamalaya ofiira pamutu, uyu n'kubwezera. Posakhalitsa anali kuthamangitsana pakati pa maminibasi, anthu akuwachemerera. Mwini tayala anadzalitenga mwakachetechete. Nkhope yake ndinaiona bwino. Anali bambo wa tayi, ngati wopita ku ntchito.

Palibe anapepesa. Wina anandifunsa kuti limodzi ndimagulitsa bwanji. Ndinayenda wapansi kubwerera ku Mpingwe.

Madzulo mkamwini anabwera, atamva kwa mkazi wake. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Bambo, tikanadziwa sitikanakutumani."

"Palibe anandituma. Ndinanyamula ndekha."

Ndinawapangiranso ena. Amenewo ndinawakuta nsalu yachikasu ndi yobiriwira, ndipo anadzatenga okha pa galimoto. Amati si okongola ngati a pa chithunzi. Ndikudziwa. A siliva aja ndiwo anali ntchito, ndipo mwini wake sanawaone.

Tsiku limenelo ndinataya malupanga asanu ndi limodzi, thumba, chipewa, ndi dzino limodzi la kutsogolo. Buluku ndinalitaya ndekha m'chimbudzi mkazi wanga asanalione. Siteji ija nayonso ndinaitaya. Ndikafuna kupita m'tauni ndimakakwerera kwina.